Akatastasia: Kusakhazikika pa Malo Ake

Vesi Loloweza: Yakobo 3:16.

Ganizo Lalikulu: Chipwirikiti chochokera kunja tauzidwa kupirira nacho, koma chobadwira pakati pathu chifuna kulapa.

Tanthauzo la Mawu

Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigriki, ndipo mawu amene tiphunzire sabata ino ndiwo akatastasia. Ali ndi zigawo ziwiri. Choyamba ndi a-, chimene chikana, monga osa- m'chinenero chathu. Chachiwiri chichokera ku mneni kathistemi, ndiko kuika chinthu kapena munthu pa malo ake. Mneni yemweyu ndiye Paulo anamugwiritsa ntchito pouza Tito kuti aike akulu a mpingo m'mizinda ya ku Krete (Tito 1:5). Chotero akatastasia ndiwo mkhalidwe wa zinthu zimene zachoka pa malo ake, zongogwedezeka, zosadziwika kumene zigwere. Mawuwa apezeka kasanu m'Chipangano Chatsopano: kawiri anena za mavuto akunja, ndipo katatu anena za mavuto a mu mpingo.

Namondwe wa Kunja

Werengani Luka 21:9 ndi 2 Akorinto 6:4, 5. Kodi ndani ayambitsa chipwirikiti chonenedwa m'mavesi amenewa?

Yesu anatchula akatastasia pamodzi ndi nkhondo monga zinthu zoyenera kuyamba zachitika chimaliziro chisanafike, ndipo anati tisaopsedwe nazo. Paulo anawerengera mawu omwewa pamodzi ndi zikwapu ndi ndende. Iye sanayambitse zipolowe za ku Efeso kapena za ku Filipi, zinangomugwera.

Ife a m'mbali mwa nyanja tiudziwa mwera. Ukauka mu Juni ndi Julayi, asodzi a ku Makanjira, Malindi ndi Monkey Bay akokera mabwato kumtunda, pakuti palibe angauletse. Pa nsanja ya Mfumukazi Victoria ku Mangochi, pafupi ndi mlatho wa pa Shire, pali chikumbutso cha anthu 145 amene anafa pa 30 Julayi 1946, pamene sitima ya Vipya inamira m'namondwe kumpoto kwa nyanja. Njala, nthenda ndi mapokoso a mitundu ya anthu zifanana ndi mphepo yotereyi. Ambuye sanalonjeze kuzichotsa tsopano, koma anatichenjeza kuti zisatizule.

Namondwe wa M'bwato

Werengani 1 Akorinto 14:26-33, 40 ndi 2 Akorinto 12:20.

Ku Korinto mdani sanali pakhomo. Abale anali ndi mphatso zambiri, koma aliyense ankafuna kumveka, ndipo ankalankhula onse nthawi imodzi. Paulo anawalamula kuti alankhule awiri kapena atatu, motsatana, ena akumvetsera. M'kalata yachiwiri anandandalika zimene ankaopa kukazipeza: ndewu, kaduka, mkwiyo, miseche, manong'onong'o ndi kudzikuza, ndipo akatastasia anaiika kumapeto. Ndiyo chipatso cha zonsezo.

Bwato likhoza kupyola mafunde aakulu ngati wopalasa agwira nkhafi yake, wokapa madzi akapa, ndipo ena akhala phee. Koma onse akaimirira ndi kuthamangira mbali imodzi, ligubuduka ngakhale nyanja ili bata.

Muzu Wake

Kodi Yakobo 3:14-16 akuti chisokonezo chiphuka kuchokera kuti?

Yakobo aloza zinthu ziwiri: kaduka ndi mtima wodzifunira wekha. Nyanja ya Malombe itiphunzitsa zimenezi. M'zaka zoyamba za m'ma 1980 inali yodzala ndi chambo. Makoka a maso aang'ono anachuluka, nakokolola ana a nsomba ndi kuwononga malo oswanirana, mwakuti pofika m'ma 1990 chambo chinali chitatsala pang'ono kutha. M'chaka cha 1993 Dipatimenti ya Zausodzi inayamba kugwira ntchito ndi makomiti a asodzi pa madoko kuti abwezeretse dongosolo. Si mwera umene unachita zimenezi. Msodzi aliyense ankati, ndikazisiya ine azigwira mnzanga.

Momwemonso mu mpingo. Nthawi ya chisankho cha maudindo ikafika, kodi sitimva manong'onong'o m'makonde? Wina akasiyidwa pa ukulu kapena pa udikoni, asiyanso kubwera ku Sukulu ya Sabata, natenga ena nkukakhala nawo pambali. Ana athu aona, ndipo anansi athu amene tifuna kuwalalikira aonanso. Kodi adzalowa bwanji m'bwato limene eni ake akuligwedeza?

Yakobo afika mpaka mumtima. Agwiritsa ntchito mawu apachibale, akatastatos, ponena za munthu wa mitima iwiri, wofanana ndi funde lotengeka ndi mphepo (Yakobo 1:6-8), ndi ponena za lilime losakhazikika (Yakobo 3:8). Makolo athu anati mapanga awiri avumbwitsa. Wofuna ulemu wa Mulungu pamodzi ndi ulemu wake sakhazikika, ndipo sakhazikitsa anzake.

Mankhwala Ake

Tizindikire kuti pa 1 Akorinto 14:33 Paulo sanasiyanitse akatastasia ndi kukhala chete, koma ndi mtendere. Sanatseke pakamwa pa Akorinto, koma anapatsa yense nthawi yake. Mtsogoleri woopseza anthu kuti asalankhule sanachize mpingo, wangobisa chilonda. Mtendere weniweni ubwera ndi nzeru yochokera kumwamba (Yakobo 3:17, 18), imene Mulungu aipereka kwa aliyense woipempha (Yakobo 1:5).

M'Chipangano Chakale chomasuliridwa m'Chigriki, chotchedwa Septuagint, Yesaya 54:11 atcha Yerusalemu wosautsidwa akatastatos. Pomwepo Mulungu alonjeza kumuikira maziko a miyala ya mtengo wapatali. Iye amene atiitana kuti tikhazikike ndiyenso atikhazikitsa, tikamulola kutiika pa malo amene Iye wasankha.

Mafunso Okambirana

1. Pa mavuto amene mpingo wathu wakumana nawo chaka chino, ndi ati anachokera kunja, ndipo ndi ati tinawayambitsa tokha?

2. Kodi tingasiyanitse bwanji mpingo wamtendere ndi mpingo umene anthu angokhala chete chifukwa cha mantha?

3. Kodi pali mbale kapena mlongo amene tiyenera kukamuona Sabata lisanafikenso?