Lilime la Loya ndi Lilime Lathu

Amai anzanga a m'Cigwirizano, kodi munakhalapo m'khoti pozenga mlandu wa kugwirira mkazi? Loya wa woimbidwa mlandu sakalipa ai. Amafunsa mwaulemu: “Munavala ciani usikuwo? Bwanji simunakuwe? Munadikiranji masiku atatu musanapite kupolisi?” Sanena kuti “anakugwirirani,” koma “munagona naye,” ngati kuti anthu awiriwo anapangana. Pofika madzulo wolakwiridwa ndiye waoneka wolakwa.

Kodi loyayo akucimwa? Tisafulumire. Yosefe anaponyedwa m'ndende cifukwa ca bodza la mkazi wa Potifara, popanda womuimira (Genesis 39). Muno m'Zambia, kuyambira mu 2005, wogona ndi mwana wosakwana zaka 16 amamangidwa zaka zosacepera 15. Cilango cotere cifuna umboni woyesedwa bwino, ndipo kuyesa umboni ndi nchito yolungama.

Koma funso lofuna coonadi ndi losiyana ndi funso lofuna kucititsa manyazi. Covala sicivomera m'malo mwa mwini wake. Mantha amatseka pakamwa, ndipo manyazi amacedwetsa miyendo. Ngakhale cilamulo ca Mose cimayerekeza mtsikana wogwiriridwa kuthengo ndi munthu wophedwa: alibe mlandu (Deuteronomo 22:25-27).

Nanga loya amawatenga kuti mafunso amenewa? Pakamwa pathu, amai. Ndife timanong'onezana kucitsime ndi pamaliro kuti, “Iyenso anapitiranji kumeneko?” Woweruza anakulira pakati pa mau otere, mtsikanayonso anawamva ali wamng'ono. Ndiye cifukwa cake akafunsidwa amaweramitsa mutu. Abisalomu anauza mlongo wake Tamara kuti akhale cete popeza Amnoni anali mbale, ndipo Tamara anatsala wosweka mtima m'nyumba ya Abisalomuyo (2 Samueli 13). Ifenso timatero tikamati “n'za m'banja,” n'kumaliza nkhani ndi mbuzi kapena ndalama.

Loya sitingam'sankhire mau, koma athu tingasankhe. Mwana akabwera akulira, yambani ndi kuti, “Ndakumva, mwanawe, si mlandu wako.” Pitani naye kucipatala asanasambe, maola 72 asanathe, kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Kanenani kupolisi, ku Victim Support Unit. Tsiku la mlandu khalani kumbuyo kwake m'khoti, kuti mafunso akam'panikiza atembenuke naone amai ake a mumpingo. Ambuye atithandize kusunga lilime lathu.