Kodi Ubwenzi Upirira Pamene Mfuti Zilira?

Kukonda munthu wa khungu lina pa nthawi ya mtendere sikuvuta; koma nanga pakabuka nkhondo pakati pa mtundu wake ndi wathu?

Taganizani za John Chilembwe ndi mzungu uja Joseph Booth. Booth anafika m'dziko muno m'chaka cha 1892. Chilembwe anamgwirira ntchito, nadwazika mwana wake Emily. Booth anambatiza, napita naye ku Amereka m'chaka cha 1897.

Koma thangata ndi nkhanza za m'minda ya ku Magomero zinakula, kufikira usiku wa 23 Januwale 1915, pamene anthu a Chilembwe anapha W. J. Livingstone. Ngakhale pamenepo Chilembwe analamula kuti akazi ndi ana a Azungu asawakhudze, ndipo sanaphedwe. Iye mwini anawomberedwa pa 3 Febuluwale. Booth, munthu wodana ndi nkhondo, anali kutali ku Basutoland. Koma boma linamkayikira chifukwa cha mnzakeyo, ndi kumpirikitsa chaka chomwecho.

Ubwenzi wa awiriwa sunathe kuletsa mwazi, pakuti anthu awiri okha sangachotse chisalungamo cha dziko lonse. Koma sunali wonyenga, popeza Booth sanaope kudzudzula a mtundu wake polanda minda, nasenza nawo mtolo wa mnzake.

Inu a ku Kawale ndi ku Mgona, amene mugula mchere kwa mlendo wochokera kutali ndi kuseka naye, kodi tsiku limene khamu lidzamuukira mudzaima pakhomo pake?