Kodi Mwana Akuopeni Kapena Akukhulupirireni?

Abale m'Chisilamu, makamaka inu aMwalimu a m'madrasa ndi inu otsogolera magulu a achinyamata kwa Ngokwe, kwa Chikweo ndi kwa Kawinga, tiyeni tifunsane m'mwezi uno wa Ramadhani: kodi ana amene adaikidwa m'manja mwanu amakumverani chifukwa cha mantha, kapena chifukwa chokukhulupirirani?

Taganizani za mnyamata amene ali m'bwato pa nyanja ya Chiuta dzuŵa lili paliwombo. Kukhosi kwauma, madzi ali ponseponse, womuona palibe. Ngati amasala poopa ndodo yanu, amwa basi, pakuti ndodoyo yatsala kumtunda. Koma ngati mudakhala naye pansi nkumufotokozera chifukwa chake timasala, apirira kufikira nthaŵi ya futari. Mantha amagwira ntchito pokhapokha mwini wake ali pafupi.

Akuluakulu mukukumbukira gulu la Malaŵi Young Pioneers limene lidayamba m'chaka cha 1963. Lidaphunzitsa anyamata ulimi ndi ntchito zamanja, zimenezo nzoona, koma anthu ambiri ankaligonjera mwamantha. Asilikali atalilanda zida mu Disembala 1993, mphamvu zake zidathera pomwepo. Tsono yang'anani kwathu konkuno. M'chaka cha 1995 asodzi a pa Chiuta adagwirizana okha kukana khoka la nkacha, limene linkakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, nakhazikitsa makomiti a m'madooko. Lamulolo adaliteteza chifukwa lidali lawolawo. Achinyamata nawonso ali chimodzimodzi: lamulo limene adapangana nanu amalisunga, loŵagwera pamutu amalizemba.

Wina adzati, "Mwana ukapanda kumkalipira amasoŵa mwambo." Inde, kudzudzula nkofunika, pakuti kuongola mtengo mpoyamba. Koma muitanireni pambali, osati pamaso pa anzake. Muyambe mwamfunsa chimene chamjombetsa. Kapena adagonera pa nyanja kuti kwao kupezeke ndiwo, kapena amadwazika agogo ake. Mukalonjeza mpira kapena makope, kwaniritsani. Mukalakwa, pepesani, ukulu wanu suchepa ai.

Yesani m'mwezi uno. Mdziŵe mwana aliyense dzina lake ndi kwao. Pa futari khalani nawo pa mphasa imodzi. Mpatseni wina udindo wosunga kaundula wa gulu, ngakhale uja mumamuti ngwovuta.

Tsiku lina inu mudzasamuka kapena kumwalira. Chimene anawo adzachite inu kulibe ndicho chidzaonetse ngati mudaŵaphunzitsa kapena mudangoŵaopseza. Allah alandire kusala kwathu, atipatsenso mtima wodekha pa ana athu. Amin.