Phunziro 14: Hagara ndi Mwana Wake m'Chipululu

Kuŵerenga: Genesis 21:8-21
Vesi loloŵeza ana: Genesis 21:17

Mau kwa aphunzitsi

Abale ndi alongo, musanaime pamaso pa ana, yambani mwaŵerenga ndime imeneyi kaŵiri kapena katatu muli nokha. Ndi nkhani yoŵaŵa. M'banja la Abrahamu munabuka mkangano, ndipo Hagara anachotsedwa pamudzi m'mamaŵa pamodzi ndi mwana wake Ismayeli, atangopatsidwa chakudya pang'ono ndi thumba lachikopa la madzi. Mlandu unali wa akuluakulu, koma amene anatsala pang'ono kufa ndi ludzu m'chipululu cha Beereseba ndi mwana.

Madzi atatha, Hagara anagoneka mwanayo pansi pa chitsamba, iye nakakhala poteropo, nayamba kulira. Pophunzitsa musamudzudzule mai ameneyu. Mwana wake ankamukonda, koma mtima wake unali utatheratu, kotero kuti sakanathanso kumuyang'ana kumaso. Tsono onetsetsani pa vesi 17 mpaka 19. Amene Mulungu anamumva ndi mwana, koma amene mngelo analankhula naye ndi mai. Anamufunsa chomusautsa, namuchotsa mantha, namuuza kuti abwerere akadzutse mwanayo ndi kumugwira dzanja. Pambuyo pake Mulungu anatsekula maso a Hagara, ndipo anaona chitsime. Mulungu anapulumutsa mwana podzutsa mtima wa mai wake. Phunziro lathu lagona pamenepa.

A Hagara ali pakati pathu

Pachipatala cha boma cha Thyolo, Dr Robert Stewart ndi anzake anafunsa amai 501 amene anabwera ndi makanda ao ku sikelo, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 2008 ndi mu 2010. Pa amai 10 alionse, pafupifupi 3 anali ovutika m'maganizo: nkhaŵa yosatha, kusoŵa tulo, kusakondwa ndi kanthu kalikonse. Anapezanso kuti ana a amai otereŵa anali otsalira pa msinkhu poyerekeza ndi ana a anzao. Amai ameneŵa sanali amisala. Anali amai wamba, onga amene timakhala nao m'tchalitchi Lamulungu lililonse, ena ovala yunifolomu ya Mvano.

Chifukwa chake sichovuta kumva. Bongo wa mwana umakula msanga koposa kuyambira ali m'mimba mpaka zaka ziŵiri kapena zitatu. Umakula ndi chakudya, inde, komanso umakula ndi kuyankhidwa. Khanda likati "aa", mai nati "aa mwanangu", likamwetulira iye namwetulira, likaloza nkhuku iye natchula dzina lake, pamenepo nzeru ndi kulimba mtima zikumangika. Mai wosweka mtima amasambitsa mwana, amamubereka, amamupatsa phala, koma ali duu, maso ali kutali. Mwana amaitana osayankhidwa, kenaka amaleka kuitana.

Ku Kingston, m'dziko la Jamaica, mu 1986 ndi 1987, anthu a zaumoyo anayamba kuyendera ana opinimbira m'makomo mwao, ola limodzi pa mlungu kwa zaka ziŵiri. Ankaphunzitsa amai kuseŵera ndi kucheza ndi ana ao, ndi zidole zopanga okha pakhomo. Patapita zaka 20, ana ameneŵa, atakula, ankapeza ndalama zoposa za anzao amene sanayenderedwe ndi gawo limodzi mwa magawo anai. Taonani: ola limodzi pa mlungu. Ndi nthaŵi yomwe inu mumakhala ndi ana m'Sande Sukulu.

Kuno kwa Nsabwe ndi m'midzi yozungulira maesiteti a tiyi mukudziŵa mmene zimakhalira. Kuyambira Disembala mpaka Epulo tiyi amaphuka kwambiri, ndipo amai amalaŵirira kukathyola kusanache, dengu kumsana, kubwerako atatopa. Miyezi yomweyo ndiyo nkhokwe zimakhala zitagona. Abambo ambiri ali ku Joni kapena ku Blantyre. Khanda limatsala ndi agogo, kapena ndi mlongo wake wa zaka 7 amene iyenso akufuna womulera. Onjezanipo namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, amene anagwetsa nyumba ndi kupha anthu mazanamazana m'maboma a kumwera kuno. Alipo ana amene mpaka lero, mitambo ikada, amathaŵira kunsi kwa benchi. Pa zonsezi sitikuloza chala mai aliyense. Akapanda kukathyola, banja ligona ndi njala.

Zimene mungaone m'kalasi mwanu

Mwana wovutika mumtima sanena kuti ndavutika. Wina amangokhala chete pakona, osaimba, osaseka. Wina amamenya anzake popanda chifukwa. Wina, amene analeka kale kudzikodzera, amayambiranso. Wina amakakamira chitenje chanu osafuna kuchisiya. Ife timafulumira kunena kuti ndi wamwano, ndi wopusa, kapena amulodza. Mau a ufitiwa ndi oopsa kwambiri, pakuti akamatirira pa mwana sachokanso, ndipo ena azunzidwa nao. Mphunzitsi wa Sande Sukulu asaŵatchule, ndipo akaŵamva kwa ana ena aŵaletse pomwepo. Chikoti nachonso chisiyeni kunyumba. Mwana wamantha mukamukwapula mwangomuonjezera mantha.

M'malo mwake dziŵani dzina la mwana aliyense, ndipo mumutchule dzinalo Lamulungu lililonse. Polankhula naye gwadani kapena khalani pansi kuti maso akumane. Akayamba kusimba, ngakhale zosamveka mutu, mulekeni amalize. Musasinthesinthe aphunzitsi a kalasi la ana aang'ono. Kwa mwana amene kwao zinthu sizikhazikika, kupeza nkhope yomweyo mlungu ndi mlungu ndi mankhwala.

Kenaka chitani chimene mngelo anachita: pitani kwa mai. Musapite ngati wofufuza mlandu. Tengani mai mmodzi wa Mvano wosunga chinsinsi, mukakhale pamphasa, mufunse za moyo wa maiyo musanafunse za mwana. Amai ambiri palibe anaŵafunsapo funso lotere. Mukapemphere nao, koma musalekere pomwepo, pakuti Hagara sanangotonthozedwa ndi mau okha, anaonetsedwanso madzi. Mai amene wakhala milungu yambiri osagona, osadya, kapena akunena zofuna kudzipha, aperekezedwe ku chipatala msanga, ndipo Abusa adziŵe. Mwana amene wafika zaka ziŵiri osatchula liu, amene sacheuka mukamuitana, kapena amene amagwa khunyu, muuzeni mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Khunyu ili ndi mankhwala, ndipo sipatsirana. Mukaganiza kuti mwana akumenyedwa moopsa kapena akugwiriridwa, musaithere nkhaniyo pa bwalo la mpingo. Ipite ku polisi kapena ku ofesi yosamalira anthu, ndiponso pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Lamulo loteteza ana la mu 2010 lili kumbali yanu.

Chitsime china chili pafupi kwambiri. Matchalitchi athu ambiri amakhala otseka kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, pamene ana a zaka 3 mpaka 5 akungoyendayenda m'mbali mwa mseu. Boma linakhazikitsa ndondomeko ya maphunziro a mmera mpoyamba mu 2003, ndipo sukulu za mkombaphala zimayendetsedwa ndi anthu a m'mudzi eni ake. Ngati kwanu ilipo, kaioneni, mufunse chimene ikusoŵa. Kaŵirikaŵiri ndi ufa wa phala, nkhuni ndi olera ana osatopa. Ngati palibe, itengereni nkhaniyi kwa akulu a mpingo ndi kwa a mfumu.

Pophunzitsa ana

Simbani nkhaniyi ndi mau anuanu, osaŵerenga. Bwerani ndi chikho cha madzi, ndipo ana aŵiri akhale Hagara ndi Ismayeli, wachitatu mngelo. Za kuchotsedwa pamudzi dutsanipo msanga, chifukwa m'kalasimo alimo ana amene abambo ao anachoka, ndipo musafunse kuti otereŵa akweze manja. Khalitsani pa chitsime. Ana okulirapo angafunse zaka za Ismayeli. Abrahamu anali ndi zaka 86 pobadwa Ismayeli ndi zaka 100 pobadwa Isake, choncho anali mnyamata wopitirira zaka 14. Auzeni kuti nayenso mnyamata wamkulu amaloledwa kulira.

Afunseni kuti akachita mantha amapita kwa yani. Aliyense atchule munthu mmodzi. Amene wakhala chete musamukakamize, ingosungani dzina lake mumtima, ndipo mukafike kwao mlungu uno lisanafike Loŵeruka.