Mantha Ogwera Munthu Modzidzimutsa

1 Mafumu 19:1-8

Eliya pothawa Yezebeli anapempha imfa. Koma Mulungu sanamdzudzula ai, anayamba wampatsa tulo, mkate ndi madzi.

M'midzi ya ku Lundazi alimo Akristu amene mantha awagwera popanda cowaopsa: mtima ugunda, abanika popuma, thukuta lili kamukamu, nayesa kuti alinkufa. Abale athamangira kukaombeza, nanamizira nkhalamba ufiti. Koma si ufiti, kapena kucepa kwa cikhulupiriro. Ndiyo nthenda, ndipo icizika. Ikamgwera, wodwala akhale pansi napume pang'onopang'ono, pakuti ipita patatha mphindi zowerengeka. Mowa ungoikuza. Apite ku cipatala ca pa boma akampime mtima ndi mwazi. Ikakanika, ku Chainama, ku Lusaka, athandiza otere kuyambira 1962.