Kodi wosewera mpira ndi wogulitsidwa?

Mnyamata wa ku Mandimba kapena Ngauma akadziwa mpira, makolo amalota atakwera sitima pa Cuamba kupita ku Nampula, kuti timu ya mu ligi ya Moçambola imugule. Koma dera limene anthu ankadutsamo atamangidwa magoli, kulowera ku nyanja yamchere, liyenera kufunsa: kodi munthu, wolengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ali ndi mtengo? Mu 1969 Curt Flood, wosewera baseball ku America, anakana kusamutsidwa kuchoka ku St. Louis Cardinals kupita ku Philadelphia Phillies, ponena kuti iye si katundu. Khoti lalikulu linamugwetsa mu 1972, komabe mlandu wake unatsegulira anzake njira ya ufulu.

Ena amati timu imene yadyetsa ndi kuphunzitsa mwana iyenera kubwezeredwa ndalama zake. N'zoona, ndipo katswiri wa mpira Eusébio sakanatchuka akanapanda kupita ku timu ya Benfica mu 1960. Komatu chogulitsidwa chikhale mgwirizano wokha, umene mwiniwake wauwerenga, waumvetsa, ndipo angathe kuukana. Mwana wa zaka 15 amene atsibweni amusainira chifukwa cha njala sanavomere chilichonse, ngakhale ndalamazo zitachuluka bwanji.