Nsanja za ku Teruel ndi Mlandu wa Otsalira

Mumzinda wa Teruel, m'chigawo cha Aragon ku Spain, muli nsanja za njerwa zimene mlendo poziona angayembekeze kumva adhana kuchokera pamwamba pake. Komatu zimene zimalira m'menemo ndi mabelu a tchalitchi. Mfumu yachikhristu Alfonso II idakhazikitsa mzindawu mu 1171 ngati linga la m'malire, Valencia akadali m'manja mwa Asilamu. Nsanja ya tchalitchi chachikulu idayamba kumangidwa mu 1257, ya San Martín idatha mu 1316, ndipo luso lake, la njerwa zolukana ndi matailosi obiriwira ndi oyera, ndi la Asilamu amene ankakhala pansi pa mafumu achikhristu. Ankatchedwa Mudéjar, kuchokera ku liwu la Chiarabu lakuti mudajjan, kutanthauza wololedwa kutsala, komanso wozolowetsedwa ngati chiweto. Dzina lopweteka ndithu.

Kodi adalakwa kutsala? Shehe al-Wansharisi wa ku Fez, amene adamwalira mu 1508, adagamula kuti Msilamu ayenera kusamuka m'dziko lolandidwa chotero. Nkhawa yake inali yakuti chikhulupiriro chimasungunuka pang'onopang'ono, makamaka mwa ana. Zimene zidatsatira zikuoneka ngati zikumuikira umboni: mu 1502 Asilamu a ku Teruel adakakamizika kubatizidwa, ndipo mu 1610 zidzukulu zawo zidapirikitsidwa mu Aragon monse, ubatizowo osawapulumutsa.

Komabe mtima wanga ukukana kuwaweruza. Kusamuka kumalira ndalama ya chombo, ndipo woumba njerwa chuma chake chinali dothi la komweko, ng'anjo yake ndi manda a makolo ake. Surat An-Nisa, podzudzula okana kusamuka, imapatula ofooka amene alibe njira yotulukira. Kuonjezera apo, anthuwa adatsala pa pangano lakuti mizikiti ndi malamulo awo zidzalemekezedwa. Adalisunga kwa mibadwo yambiri, akupereka msonkho ndi kumangira anansi awo nyumba zopemphereramo. Amene adaliphwanya ndi olamulira. Nanga mlandu wa wophwanya pangano ungagwere bwanji wolisunga?

Mu 1504 mufti wina wochokera ku Oran adawalembera otsalawo mosiyana. Sadawafunse chifukwa chimene adakhalira. Adawauza kuti akaopa kugwidwa aswali ngakhale ndi zizindikiro chabe, apereke zakaat ngati mphatso wamba, ndipo akawakokera kutchalitchi asunge niya yawo mumtima. Kalatayo ankaikopera pamanja mobisa, m'Chisipanishi cholembedwa ndi zilembo za Chiarabu.